Ndinamutcha waulesi, alamu anandinjutitsa pabalaza

Pali mawu amene ndinalankhula usiku wa pa 23 Julayi 2018 omwe mpaka pano amandibwererabe. Ndinali nditaimirira pabalaza pa achemwali anga ku Bronx, rimoti ili m'manja, n'kuloza TV ndi mlomo: "Mwana uyu ndi waulesi basi, palibenso china." Amene ndinkamunenayo, Gary Sánchez wa timu ya baseball ya New York Yankees, anali kutali ku Florida, ndipo ngakhale akanakhala pafupi, Chichewa sachidziwa. Koma alamu anamva. Sanayankhe kanthu. Anangotola mbale yawo n'kulowa nayo kukhitchini. Amene anakhalapo ndi alamu anga amadziwa kuti iwo akangoti zii, ndiye kuti mlandu sunathe, angouimitsa kaye.

## Ndinafikira pa ukwati

Ndinatera ku New York mu Julayi 2016, n'kufikira kwa achemwali ndi amuna awo. Za baseball ndinali mbuli yeniyeni. Ine ndine wa Maule, ndinakulira pa Kamuzu Stadium, ndipo masewera oti munthu wavala buluku ndi lamba, akutafuna chingamu, n'kumadikira kuti mwina mpira umupeza, ndinkawaona ngati chibwana. Alamu ndiye anali atalowerera kale. Amayendetsa galimoto yahayala, ndipo wailesi ya m'galimotomo sichoka pa WFAN, pamene anthu amaimba foni usana ndi usiku kudzadandaula za Yankees ngati timuyo inawabera mbuzi.

Nthawi imeneyo Yankees inali ikusasa fumbi m'nyumba. Akuluakulu anali atagulitsa Aroldis Chapman, Andrew Miller ndi Carlos Beltrán. Alex Rodriguez anasewera komaliza pa 12 Ogasiti. Aliyense anali atavomereza kuti chaka chapita, ndiye anakweza anyamata a m'matimu aang'ono kuti aone ngati muli kanthu. Mmodzi anali Aaron Judge. Wina anali mnyamata wa zaka 23 wa ku Dominican Republic, wa ntchafu zikuluzikulu, wosaseka wamba, amene Yankees inamusainitsa mu 2009 ali ndi zaka 16 zokha pa mtengo wa madola 3 miliyoni. Gary Sánchez, jezi nambala 24.

Zimene anachita m'miyezi iwiri imeneyo musachite kufunsa. Ma home run (kumenya kuja kodumphitsa mpira khoma la bwalo) 20 m'magemu 53, ndipo 11 mwa amenewo mu Ogasiti mokha. Avereji yake inali .299, kutanthauza kuti pa maulendo 10 alionse amene waima ndi chibonga, 3 amamenya n'kukafika bwinobwino pa base, amodzi mwa malo amene wothamanga amaponda pozungulira bwalo kuti akagoletse. Kwathu mwana akapeza 3 pa 10 amabwereza kalasi, kuno ndiye katswiri. Kuwonjezera apo anali catcher, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya atavala chigoba kumaso. Matimu ambiri amangothokoza catcher wawo akamawakha bwino, zomenya sayembekezera zambiri. Mkulu wa timu, Brian Cashman, anali atamupatsa kale dzina loti Kraken, chilombo cha m'nyanja.

Vuto langa linayambira pamenepo. Baseball yoyamba kuionera m'moyo wanga inali imeneyo. Sindinkadziwa kuti ndikuona zinthu zimene madala okalamba nawo masewerawa ankazizwa nazo. Ndinkangoti Gary ndi mmene alili, akaima mpira umatuluka. Mlendo wofikira pa ukwati amayesa kuti pamudzipo amadya nyama tsiku lililonse.

Mu 2017 anamenya ma home run 33, kupitirira 30 amene Yogi Berra ndi Jorge Posada anafikapo, ndipo palibe catcher wa Yankees amene anali atafikapo pamenepo. Koma chaka chomwecho mipira 16 inamupulumuka, ndipo mu Ogasiti mphunzitsi Joe Girardi anamukhazika pa benchi, n'kuuza atolankhani poyera kuti mnyamatayo akonze kawakhidwe kake. Pa wailesi ya alamu anthu anayamba kugawikana. Ine sindinasamale. Munthu akukupatsa ma home run 33, iwe n'kumawerenga timipira togubuduka?

## Lolemba lija

Chaka cha 2018 chinamuyambira moipa. Avereji inali pansi pa .200, ndipo kumapeto kwa Juni anavulala mnofu wa m'mphechepeche n'kukhala panja pafupifupi mwezi. Anali atangobwerako masiku ochepa pamene Yankees inapita ku Tropicana Field kukakumana ndi Tampa Bay Rays. Boston Red Sox inali patsogolo, ikuthawa ndithu, ndiye gemu iliyonse yoluza inkawawa ngati chilonda chothiridwa mchere.

Inning yoyamba yomwe, mwa zigawo 9 za gemu, zinthu zinayamba kununkha. Luis Severino wa Yankees akuponya, Jake Bauers wa Rays ali pa base yachiwiri. Severino ndi Gary sanamvane pa zizindikiro za zala zija, wina akudikira mpira wamtundu uwu, kunabwera wamtundu wina. Mpira unamupulumuka n'kugubudukira kumbali. Zimenezo zimachitika. Chosazolowereka n'chakuti Gary anaulondola mpirawo ngati munthu wopita kukatseka mpopi. Bauers ataona zimenezo sanaime pa base yachitatu, anangopitiriza mpaka kukagoletsa. Kuchokera pa base yachiwiri, pa mpira wopulumuka! Alamu anagwira kumutu. Kamera inawapeza awiriwo pa benchi akukambirana, ndipo sizinkaoneka ngati akufunsana za kunyumba.

Tilumphe tifike inning ya 9. Rays 7, Yankees 6. Ma base onse atatu adzaza, awiri atulutsidwa kale, watsala mmodzi. Amene akubwera ndi chibonga ndi Gary yemweyo. Ndinasiya nsima, ndinasamba m'manja, ndinatenga rimoti n'kukweza mawu.

José Alvarado wa Rays anaponya. Gary anaumenya mwamphamvu ndithu, koma wapansi, molunjika kwa Daniel Robertson. Robertson anaupereka kwa Willy Adames pa base yachiwiri kuti atulutse Aaron Hicks wa Yankees, amene ankathamangira pomwepo, koma Hicks anali atathamanga ngati akuthawa njuchi, anafika kale. Mtima wanga unati basi, 7-7, chifukwa wa pa base yachitatu anali akulowa. Kenako Adames anatukula mutu n'kuona zimene tonse tinaona kamera itatembenuka. Gary anali akadali panjira. Anali atanyamuka mmene amathamangira bambo wofuna minibasi imene akudziwa kuti iima. Atazindikira kuti gemu sinathe anawonjezera liwiro, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Adames anaponya, mpira unayamba ndiwo kufika. Mamita 27 okha, ndipo gemu inathera pomwepo.

Ndi pamene ndinaimirira n'kulankhula mawu aja. Ndinawonjezeranso ena oti ngakhale achemwali, ndi nyamakazi yawo, akanafika.

M'mawa mwake WFAN inali moto. Ena ankati amugulitse tsiku lomwelo, ena ankati amubweze ku timu yaing'ono akaphunzire ulemu. Iye mwini anali atavomera kwa atolankhani, kudzera mwa womasulira, kuti anayenera kuthamanga kwambiri. Kenako masana nkhani inatuluka: amujambula, mnofu uja wavulalanso, akubwerera pa mndandanda wa ovulala. Anadzabweranso pa 1 Seputembala.

Ine ndinangoti, "Aaa, akumubisa. Timu ikuphimba manyazi."

## "Njutani, alamu"

Madzulo a Lachiwirilo alamu anabwera msanga, zimene sachita kawirikawiri. Anasuntha katebulo ka pabalaza n'kukaika kukhoma. Anatenga mpira wa tenesi wa mwana wawo. Gemu ikuyamba, Masahiro Tanaka akuponya, Austin Romine ali kumbuyo m'malo mwa Gary.

"Alamu," anatero, "dzulo munalankhula ngati munthu wodziwa. Lero mutiphunzitse. Romine akanjuta, nanunso njutani. Akadzuka, dzukani. Ine ndiziponya pamene Tanaka akuponya. Ukagunda pansi musaugwire ndi dzanja, muutchinge ndi chifuwa, usakudutseni."

Ndinaseka. Munthu woti ndinakula ndikunjuta pa msika, pa maliro, podikira basi ku Wenela, andiopseze ndi zimenezi? Ndinavula silipasi.

Inning yoyamba inali masewera. Yachiwiri ntchafu zinayamba kutentha. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kunjuta kwa catcher si kuja kokhalira zidendene ukudya chinangwa. Pa base pakakhala munthu umatukula matako m'mwamba, thupi lonse lili pa ntchafu, wokonzeka kudzigwetsa kapena kudumpha. Ndipo si kamodzi. Unjute, udzuke, ubweze mpira, unjutenso. Tanaka ali ndi mpira wake uja umabwera ngati wolunjika kenako n'kugwa mwadzidzidzi pafupi ndi womenya. Tanaka akauponya, alamu nawo ankamenyetsa wa tenesi uja pa kapeti patsogolo panga. Woyamba unandidutsa pakati pa miyendo n'kukalowa pansi pa sofa. Wachiwiri unandimenya pakhosi. Wachitatu ndinaugwira ndi dzanja, alamu n'kuti, "Chala chimenecho chathyoka, umenewo ukubwera pa makilomita 140 pa ola."

Inning yachitatu isanathe, mwendo wakumanja unagwidwa ndi tsemwe lachilendo, kenako unangouma. Ndinagwera chammbali ngati thumba la makala. Mwana wa achemwali anaseka mpaka kutsamwa.

"Dzukani," anatero alamu, "ndi nthawi yanu yomenya. Mukamenya muthamange mpaka pa chitseko cha panja."

Sindinadzuke. Anakhala pa sofa, n'kutsitsa mawu a TV.

"Pa gemu imodzi amawakha mipira pafupifupi 150. Mawa amabweranso, mkuja amabweranso. Mipira imene womenya wangoikhudza imathera pa zala zake, pa phewa, pa bondo, pena pamalo poti sitingatchule pano pali mwana. Uku m'mutu akuyenera kukumbukira kuti womenya uyu amadana ndi mpira wotani, woponya wathu lero mkono uli bwanji. Dzulo analakwa, iye mwini wanena. Koma inu simunati walakwa, alamu. Munati ndi waulesi. Waulesi sasankha ntchito imeneyi."

Tanaka anamaliza yekha gemu yonse usiku umenewo, Yankees inapambana 4-0. Ine ndinaionera nditagona pa kapeti. Masitepe a pa siteshoni ya sitima nambala 4 ndinawatsika chammbali masiku atatu.

Sindinganame kuti ndinatembenuka mtima pomwepo n'kuyamba kumukonda Gary. Chimene chinasintha ndi maso. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulondola mpira, ndinayamba kuyang'ana munthu wonjuta uja. Ndipo n'zoseketsa, chifukwa ndi pamene ndinayamba kuona zolakwa zake zenizeni, zimene kale sindinkaziona: kuuwakha ndi dzanja mpira wofunika kuutchinga ndi thupi, kuchedwa kugwetsa mawondo, golovesi kutsikira pansi limodzi ndi mpira m'malo moukweza. Ndinayambanso kuona mkono wake. Munthu akayesa kuba base yachiwiri, mpira unkachoka m'dzanja la Gary ngati mwala wa pa legeni.

## Mvula ndi ng'amba

Mkangano wathu waukulu, umene unatenga zaka, sunali wa kuwakha. Unali wa kamenyedwe kake kotentha ndi kuzizira.

Taonani Okutobala wa chaka chomwecho. Munthu wamaliza ligi ndi avereji ya .186, mipira 18 yamupulumuka, kuposa catcher wina aliyense. Akupita ku Fenway Park, kwawo kwa Boston, gemu yachiwiri yolimbana nawo mu ma playoff (ndime yochotsana ligi ikatha), n'kumenya ma home run awiri usiku umodzi. Yoyamba anaimenya pa mpira woponyedwa ndi David Price. Yachiwiri, pa mpira wa Eduardo Rodríguez, inauluka mafiti 479, pafupifupi mamita 146. Patapita masiku atatu, ku Yankee Stadium, inning ya 9, ma base odzaza, woponya wa Boston Craig Kimbrel akunjenjemera, Gary anaumenya m'mwamba kumanzere. Bwalo lonse linaimirira. Andrew Benintendi anauwakha pafupi ndi khoma. Ukanangopitirira mamita ochepa, gemu ikanathera pomwepo Yankees itapambana. M'malo mwake inaluza 4-3, chaka n'kutha. Pambuyo pake anamuchita opaleshoni ya phewa lakumanzere, lomwe linali likumuvutitsa kuyambira kale.

Ndiye munthu wotereyu mumuika pati?

Ine mfundo yanga inali ya kumunda. Ndinkawauza alamu kuti mlimi safunsa kuti chaka chino yagwa mvula yochuluka bwanji, amafunsa kuti yagwa liti. Ikhoza kukhuthuka Disembala yense mpaka milatho kukokoloka, koma ikadula masabata atatu chimanga chikumasula, mwalira. Gary anali mvula yotero. Sabata ziwiri chigumula, mwezi wathunthu ng'amba. Ndipo ng'amba yake inali yoonekeratu: woponya aliyense ankadziwa kuti ukamupatsa slider (mpira wokhota) yotsika, yothawira kunja, aithamangira n'kuiphonya. Katatu, kubwerera ku benchi mutu uli pansi. Mawa chimodzimodzi. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Alamu ankandiseka. "Ligi si chimanga. Magemu ndi 162, ndipo imene mwapambana mu Epulo imawerengedwa chimodzimodzi ndi ya mu Seputembala. Munthu akakupambanitsani magemu asanu yekha pa sabata ziwiri, magemu amenewo alowa m'nkhokwe, ng'amba siingawatulutsemo."

Kenako ankatenga foni n'kuyamba masamu. Pa mwezi catcher amaima ndi chibonga maulendo mwina 90. Akamenya bwino 27 ndiye .300, anthu akumuimbira nyimbo. Akamenya 18 ndiye .200, anthu akuimba foni pa wailesi kuti achotsedwe. Kusiyana kwake ndi 9 pa mwezi, ingoti iwiri pa sabata. Mipira iwiri pa sabata imene yalunjika m'golovesi ya munthu m'malo modutsa pambali pake. Kwa Gary zinkanyanya chifukwa matimu ankamuunjikira anthu atatu mbali yakumanzere, kumene ankakonda kumenyera, zimene zinadzaletsedwa mu 2023. Ndipo miyendo yoti yanjuta zaka zonsezo singapulumutse munthu pa mpira wapansi.

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima," ankatero. "Mukufuna catcher womenya 30? Landirani ndi kuphonya komwe. Mukufuna wosaphonya? Alipo ambiri, amamenya 6 pa chaka."

Kumene ndinkameta tsitsi, kwa anyamata a ku Dominican Republic, nkhani inali ina. Kumeneko ukanena zoipa za Gary makina ankaima pakati pa mutu. Iwo ankati mzungu akakhala chete anthu amati ndi wodekha, koma mnyamata wa kwawo, wolankhula kudzera mwa womasulira, akakhala chete amati alibe nazo ntchito. Sindinavomereze zonse, chifukwa Lolemba lija ndinaliona ndi maso anga. Koma ndinadzifunsa kuti mawu oti waulesi ndinawatola kuti msanga chotero, ine amene kuntchito anthu amandiyesa wamwano chifukwa choti sindiseka pamene sindinamve nthabwala.

## Chaka chimodzi ndendende

Mu 2019 mvula inabwerera. Pa 7 Epulo anamenya ma home run atatu gemu imodzi ku Baltimore. Anasankhidwa kuyamba gemu ya All-Star, ya akatswiri osankhidwa m'matimu onse. Mu Ogasiti anakwanitsa ma home run 100 m'magemu 355, ndipo mu American League, ligi ya Yankees, munalibe amene anafikapo pa 100 mwachangu chotero. Anamaliza ndi 34 m'magemu 106, kuphwanya mbiri yake yomwe. Pakati pa zonsezo panali Julayi wouma ngati chipululu, koma zimenezo tinali titazolowera.

Chimene sindidzaiwala ndi cha pa 23 Julayi 2019. Onani detilo. Yankees inali ku Minnesota, gemu yamisala ija inathera 14-12 mu inning ya 10. Chakumapeto Gary anamenya wapansi, ndipo ulendo uno anathamanga ndi mtima wonse, mutu pansi, manja akupalasa. Atafika pa base yoyamba anaponda molakwika. Anatuluka m'bwalo akutsimphina. Mnofu wa m'mphechepeche. M'mawa mwake anali pa mndandanda wa ovulala.

Ndinali kuntchito usiku umenewo, ndinaonera pa foni nthawi yopuma. Uthenga wa alamu unalowa nthawi yomweyo, mawu awiri okha: "Wathamanga, mwakondwa?"

Sindinayankhe. Ndinalowa m'bafa n'kukhalamo kanthawi.

## Tinasinthana mipando

Apa ndiye nkhani imandiseketsa ndikaikumbukira. Mu 2020, chaka cha mliri, ligi inali ya magemu 60 okha, mabwalo opanda anthu. Timu inabweretsa mphunzitsi watsopano wa ma catcher, Tanner Swanson, amene anamuphunzitsa Gary kuwakha atagwada bondo limodzi. Cholinga chake n'chakuti mpira wotsika auwakhe akuukweza, woimbira aone ngati wadutsa pabwino. Ndi kuba kololedwa, ndipo matimu anali atazindikira kuti catcher wodziwa kuba kotereku amapulumutsa ma run (zigoli za baseball) ambiri pa chaka popanda wochemerera aliyense kuzindikira. Kaya bondolo ndi limene linamusokoneza kaya ayi, anthu amakanganabe, koma chibonga chinafa. Avereji .147. Anatulutsidwa ataphonya maulendo 64 m'magemu 49. Gerrit Cole, woponya amene timu inali itangomugula pa madola 324 miliyoni, anayamba kuponyera Kyle Higashioka, catcher wina wa timuyo. Pa magemu 7 a ma playoff, Gary anayamba awiri okha.

Alamu anatopa. Galimoto inali itaima chifukwa cha mliri, anali pakhomo tsiku lonse, gemu iliyonse ankaionera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo n'zimene zinawapweteka. Tsiku lina anangoti, "Watha uyu. Amusiye apite."

Ndipo amene anayamba kumuikira kumbuyo ndi ine. Ine wa ng'amba uja. Ndinawabwezera masamu awo omwe: magemu 49 ndi chiyani, alamu, si miyezi iwiri yokha? Mu 2016 tinamuveka ufumu chifukwa cha magemu 53, lero timupachike chifukwa cha 49? Ngati miyezi iwiri yoipa ikunena zoona za munthu, ndiye kuti miyezi iwiri yabwino ija inkanenanso zoona. Ngati ija inali mwayi, inonso ndi tsoka chabe.

Polankhula zimenezo ndi pamene ndinazindikira chimene chinkatipweteka tonse, ine, alamu, ndi anthu a pa wailesi aja. Tinkamulondola ngongole ya Ogasiti 2016. Catcher wina womenya ma home run 23 ndi avereji ya .204, monga anachitira Gary mu 2021, matimu ambiri akanamulandira ndi manja awiri, chifukwa pa malo onse a m'bwalo, ma catcher ndi amene amamenya mofooka. Koma kwa ife 23 inali umboni woti watibera. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Maganizo anga, ndikaphatikiza zonse, ndi awa: 2016, 2017 ndi 2019 anali m'gulu la ma catcher abwino kwambiri pa ligi yonse, ngakhale muchotsere mipira yopulumuka ija. Mu 2018 ndi 2020 anaipweteka timu. Mu 2021 anali wapakatikati. Vuto ndi lakuti pa bwalo la ku Bronx munthu amene anakhalapo Kraken saloledwa kukhala wapakatikati.

Pa 13 Malichi 2022 anamugulitsa ku Minnesota Twins limodzi ndi Gio Urshela, posinthana ndi Josh Donaldson, Isiah Kiner-Falefa ndi Ben Rortvedt. Anachoka atamenyera Yankees ma home run 138. Mwezi wotsatira timu inatenga Jose Trevino ku Texas, munthu wa chibonga chofatsa koma golovesi ya ufiti. Trevino anamenya 11 okha, koma anapita ku All-Star, anatenga mphoto za owakha bwino, Gold Glove ndi Platinum Glove, ndipo Yankees inapambana magemu 99. Alamu ankayenda chifuwa chili patsogolo. Ine ndinkangowakumbutsa za Donaldson, amene anadya ndalama zambiri, osamenya, mpaka timu inamuthamangitsa mu Ogasiti 2023.

Ndivomere pano, popeza alamu sawerenga blog: pa nkhani ya Trevino ananena zoona. Kumuonera akuwakha kunali ngati kuonera mayi wodziwa kupeta. Palibe chotayika, palibe phokoso.

## Foni ya mu Novembala

Gary anayamba kuyendayenda ngati waganyu. Chaka chimodzi ku Minnesota, .205 ndi ma home run 16. Mu 2023 panalibe timu yomufuna. Anasaina ku timu yaing'ono ya San Francisco Giants, sanamukweze. New York Mets inamutenga, anasewera magemu atatu, n'kumutaya. Kumapeto kwa Meyi San Diego Padres inamutola poti inalibiretu pogwira.

Nthawi imeneyo ndinali nditasamuka kwa achemwali, ndili ndi kachipinda kangakanga. Magemu a San Diego amayamba cha m'ma 10 usiku nthawi ya ku New York, ndipo ndinkagona mochedwa chifukwa cha timu imene sindiichemerera n'komwe. Anamenya ma home run 19 m'magemu 72. Koma chimene chinandikhazika maso chinali china. Blake Snell, woponya amene anayamba chakacho akupepesuka, anayamba kuponyera Gary pafupifupi gemu iliyonse, ndipo anasanduka munthu wina. Snell ndi uja mipira yake yokhota imakonda kugunda pansi, mtundu weniweni umene tinkati Gary sangautchinge. Ndinkamuona akudzigwetsa, chifuwa patsogolo, mpira n'kugwera pamapazi pake. Ndinkakumbukira wa tenesi uja ukulowa pansi pa sofa. Kumayambiriro kwa Seputembala mpira wa woponya wa Philadelphia unamuthyola dzanja pamfundo, chaka chake n'kuthera pomwepo. Snell anamaliza ndi ERA ya 2.25, kutanthauza kuti pa ma inning 9 alionse ankamugoletsa ma run pafupifupi awiri okha, ndipo mu Novembala anapatsidwa Cy Young, mphoto ya woponya wopambana onse mu ligi yake.

Ndinaimba foni usiku womwewo.

"Alamu, mwamva?"

"Ndamva. Mphoto ndi ya Snell."

"Nanga ankamuwakhira ndani?"

"Snell anatenganso mphoto yomweyo mu 2018 ali ku Tampa. Gary anali kuti? Anali pa TV yanga, akuthamangira minibasi."

"Koma munati watha."

"Inu munati ndi waulesi."

"Ine ndinabweza mawu anga."

"Munabweza liti? Ine sindinamvepo. Ndinangoona munthu atagona pa kapeti."

Ndinayamba kuwawerengera: 19 m'magemu 72, muchulukitse, pa chaka chathunthu ndi angati? Iwo anati ndichulukitsenso ndi ng'amba yomwe, chifukwa avereji inali .218. Ndinati Higashioka wawo uja wamenya angati? Anati Higashioka anawakha gemu ya Domingo Germán ya mu Juni, imene palibe womenya ndi mmodzi yemwe anafika pa base, ndipo ndikafuna tikambirane zimenezo ndibwere Lamlungu, katebulo akasuntha.

Pamenepo ndinamva foni ikulandidwa. Anali achemwali. Anati mvula yayamba kumudzi, amayi aimba kawiri, ndipo akufuna kudziwa ngati mbali yanga ya ndalama ya feteleza ndatumiza.